Kodi Makolo Athu Analibe Mfuti?

Tsiku lina titatha phunziro la kuwerenga, tinatsalira pansi pa mtengo tikuceza za kale. Bambo wina wacikulire wa m'kalasi mwathu anati: "Aphunzitsi, nkhani ya atsamunda ndi yaifupi. Azungu anali ndi mfuti, makolo athu anali ndi mauta. Basi." Ambiri anabvomereza. Inenso ndinakula ndikumva zomwezo.

Koma mau amenewa ali oona mbali imodzi yokha. Anthu a m'cigwa ca Zambezi anaidziwa mfuti zaka zoposa 300 dziko lisanalandidwe lonse. Anali kuigula, kuiomba, ndi kuikonza ikaonongeka. Mafumu ena anali nazo mazanamazana. Tsono funso loyenera ndi ili: mfutizo anali kuzigula kwa yani, ndipo anali kulipira ciani?

Apwitikizi anafika pa gombe la dziko lathu mu 1498, pa ulendo wa Vasco da Gama. M'zaka za m'ma 1530 anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete. Mtima wao unali pa golidi wa dziko la Mwene Mutapa, kumwera kwa Zambezi.

Mu 1569 mfumu ya ku Portugal inatuma Francisco Barreto ndi asilikari pafupifupi 1,000 kuti akalande migodi ya golidiyo. Anafika ku Sena mu 1571, ndipo mu 1572 anamenyana ndi anthu a pakati pa Sena ndi Tete. Mfuti za masiku amenewo zinali zolemera ndi zocedwa. Msilikari anali kuyenda ndi cingwe cofuka moto, ndipo pofuna kuomba anali kukhudzitsa motowo pa wonga. Mvula ikagwa cingwe cinali kuzima, mfuti nkusanduka cibonga cabe. Barreto anapambana nkhondo zingapo, koma migodi sanaione. Malungo anapha anthu ace, akavalo anafa, ndipo iye mwini anamwalira ku Sena mu 1573.

Mu 1592 kunacitika cina coposa apa. Kunali ankhondo ochedwa Azimba, amene odziwa mbiri ambiri amati anali a Lundu, mfumu ya Amaravi ya ku mtsinje wa Chire. Iwowa anabisalira Apwitikizi a ku Tete m'nkhalango. Azunguwo anali atanyamulidwa pa macila, mfuti zao ziri m'manja mwa akapolo. Mibvi inawagwera asanathe kuomba. Mkulu wa asilikari wa ku Tete anaphedwa, wa ku Sena anaphedwanso. Caka cotsatira Apwitikizi anabwera ndi mizinga, koma linga la Azimba silinagwe.

Conco tisanyoze uta, anzanga. Mlenje wodziwa anali kuponya mibvi ingapo mwini mfuti asanathe kuikonzanso. Mubvi wopaka ulembe wa kombe unali kupha ngakhale utangolasa mwendo. Ndipo uta sunali kulira cuma. Mtengo uli m'thengo, bango liri kudambo, wosula ali m'mudzi momwemo.

Komabe mafumu anayamba kuilakalaka mfuti, makamaka pamene anali kulimbirana ufumu ndi abale ao. Pano ndi pamene tikuona mtengo woyamba. Mwene Mutapa wochedwa Gatsi Rusere anali pa nkhondo ndi anthu omuukira. Anapempha thandizo kwa amalonda a ku Tete okhala ndi mfuti. Mu 1607 anabvomera kupereka migodi ya dziko lace kwa mfumu ya ku Portugal, kudzera mwa Diogo Simões Madeira wa ku Tete. Sanagule mfutizo kuti zikhale zace ai. Anangobwereka anthu oziomba, nalipira ndi nthaka.

Gogodera ndi njala yace

Patapita zaka, mfuti ya cingwe inatha, panabwera ija timaidziwa tonse ndi dzina lakuti gogodera. Ena a inu munaiona. Umathira wonga kukamwa kwa mpope, nuika kansanza ndi cipolopolo, nugogoda ndi ndodo yacitsulo mpaka zitatsindirika. Gogodera woyamba anali kuyatsa wonga ndi mwala wothetheka moto. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1800, kunabwera wa kacisoti ka mkuwa, kamene amalonda a ku gombe anali kukacha fataki.

Msilikari wozolowera anali kuomba kawiri kapena katatu pa mphindi imodzi. Cinthu cikakhala patali mapazi oposa 100, kucilasa unali mwai. Angoni, amene anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835, anali kudziwa zimenezi. Iwo anali kumenya nkhondo ndi nthungo ndi cishango, komabe anagonjetsa midzi yambiri yokhala ndi magogodera. Anali kudikira kuti mfuti zilire, nathamangira adani asanatsindirenso.

Tsono mvetsani bvuto lalikulu la mfuti. Khasu ukagula kamodzi umalimira zaka. Mfuti iri ngati mwana wa mbalame m'cisa: kukamwa kuli yasa tsiku liri lonse. Imafuna wonga, imafuna mtobvu, imafuna mwala kapena kacisoti. Wonga amapanga ndi zinthu zitatu. Pa magawo 100, magawo 75 ndi mcere wina wochedwa salitre, magawo 15 ndi makala, magawo 10 ndi sulfure. Makala tiri nao ponseponse. Koma zinazo nzobvuta kuzipeza, ndipo wonga wambiri unali kubwera pa zombo m'timigolo. Munthu wogula mfuti sanali kutsazikana ndi wamalonda. Anali kubwereranso kwa iye mwezi ndi mwezi, caka ndi caka. Wogulitsa wonga ndiye anali atagwira cingwe.

Mfuti zambiri zogulitsa mu Afrika zinali kusulidwa m'mizinda iwiri ya ku Ulaya: Birmingham ku England ndi Liège ku Belgium. Zinali za citsulo cacabecabe. Ku fakitale imodzi inali kugulidwa masheleni owerengeka okha. Zina zinali kuphulikira m'manja mwa mwini wace ndi kumdula zala. Zinanso zinali zakale za asilikari. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, maiko a ku Ulaya anatsala ndi milu ya mfuti zopanda nchito, ndipo amalonda anazitola motchipa. Za asilikari a Angerezi zinali ndi cidindo ca mau akuti TOWER pa kacitsulo ka m'mbali.

Boma la Apwitikizi linayesa kangapo kuletsa kugulitsa mfuti ndi wonga kwa Aafrika. Lamulo linali kulembedwa pa pepala, koma amalonda ndi akuluakulu a boma omwewo anali kuzembetsa, pakuti phindu linali lalikulu.

Nyanga ziwiri, mfuti imodzi

Mfuti yochipa ku Birmingham sinali yochipa ikafika kwathu. Inali kukwera combo, kutsika ku Quelimane kapena pa Cisumbu ca Moçambique, kukwera bwato pa Zambezi, kenaka kusenzedwa pamutu masiku ambiri. Dzanja liri lonse limene inadutsamo linali kuonjezapo phindu lace.

Tiri ndi citsanzo cabwino cocokera kumtunda kwa mtsinje wathu womwewu, ku dziko limene lero liri kumadzulo kwa Zambia. Kumeneko kunali kulamulira Akololo. David Livingstone, Mzungu woyendayenda uja amene anadzafikanso ku Tete mu 1856, anayenda ndi gulu la Akololo kupita ku gombe la Angola mu 1854. Atafika pa msika wa Cassange anagulitsa minyanga ya njobvu. Pa nyanga imodzi yokha analandira mfuti ziwiri, timigolo titatu ta wonga, nsalu zokwanira kubveka gulu lonse, ndi mikanda yambiri. Akololo anadabwa kwambiri, cifukwa kwao anazolowera kupereka nyanga ziwiri pa mfuti imodzi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Kumudzi, nyanga ziwiri zinali kugula mfuti imodzi. Ku Cassange, nyanga ziwiri zomwezo zikadagula mfuti zinai, timigolo 6 ta wonga, ndi nsalu pamwamba pace. Zotsalazo zinali kupita kuti? M'thumba mwa wamalonda wodziwa njira ndi mitengo. Wokhala kutali ndi msika amaberedwa. Alimi a fodya ndi a thonje simufuna kuti ndikufotokozereni zimenezi.

M'cigwa cathu ca Zambezi nchito yosaka njobvu inali makamaka ya Acikunda. Iwowa poyamba anali akapolo ankhondo a eni maprazo, ndiko kuti minda ikuluikulu imene mfumu ya ku Portugal inali kugawira anthu ace pakati pa Quelimane ndi Tete. Mwini prazo anali kuwapatsa mfuti ndi wonga. Iwo anali kumtolera msonkho, kumlondera malire, ndi kumsakira njobvu. Mwambo wa dziko unali wakuti nyanga imene yagunda pansi njobvu ikagwa ndi ya mfumu mwini nthaka. Koma gulu la alenje likakhala ndi mfuti zambiri, ndani akanalimba mtima kukaitanitsa nyanga yace?

Minyangayo inali kupita ku India kukapanga zigwinjiri za akazi, ndi ku Ulaya ndi ku America kukapanga zipeso, zigwiriro za mipeni ndi mabatani a limba lochedwa piyano. Njobvu zitatha pafupi ndi Tete, alenje anasunthira ku Zumbo, ku Luangwa, mpaka ku Kafue. Ulendo unali kutalika, wonga wofunika unali kuculuka.

Apa nkhani ikufika powawa. Minyanga sinali malipiro okha.

Livingstone yemweyo analemba za m'mene malonda a anthu anayambira kwa Akololo mu 1850. Kunafika amalonda ochedwa Mambari ocokera ku Angola, ali ndi mfuti zakale zacipwitikizi. Akololo anafuna kulipira ng'ombe kapena minyanga. Amalondawo anakana. Anati akufuna anyamata a zaka ngati 14. Mfuti 8 zinasinthidwa ndi anyamata 8, ogwidwa ku mitundu imene Akololo anaigonjetsa. Mfuti imodzi, mwana mmodzi.

Taganizani za mnyamata wa zaka 14 wa pakhomo panu, amene amabusa mbuzi ndi kupirikitsa anyani kumunda. Mtengo wa gogodera wakale unali umenewo.

Kwathu kuno malonda amenewa anakula kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Zombo zinali kunyamula anthu ku Quelimane, pa Cisumbu ca Moçambique ndi ku Ibo, kupita nao ku Brazil, ku Cuba, ndi ku zisumbu za Afalansa. Mu 1836 boma la ku Lisboa linaletsa kutumiza akapolo kunja, koma malonda anapitirira mobisa zaka zambiri, kudzera m'timadoko ta m'mitsinje. Ku Niassa mafumu a Ayao, monga Mataka wa ku Mwembe ndi Makanjila, anali kutumiza maulendo a minyanga ndi akapolo ku Kilwa ndi ku madoko ena, nabwerera ndi nsalu, mfuti ndi wonga.

Onani msampha wace. Mfumu ya mudzi woyandikana nanu yagula mfuti 20. Inu mulibe. Mukapanda kugula, mawa ana anu ali m'goli. Kuti mugule, wamalonda akufuna anthu. Anthuwo muwatenga kuti? Ku mudzi wacitatu. Ndipo mudzi wacitatuwo ukapulumuka, naonso ufuna mfuti. Sindinena izi kuti ndiwakhululukire amene anagulitsa anzao. Analipo amene analemera nazo ndi kukondwa nazo. Koma analiponso ambiri amene analowa cifukwa ca mantha, ndipo wopindula pa onsewo anali mmodzi, wogulitsa wonga uja.

Masiku a malinga

Pakati pa zaka za m'ma 1800, mfuti zinaculuka m'cigwa kotero kuti boma la Apwitikizi linalibenso mphamvu kunja kwa matauni ace. Eni nthaka akuluakulu anamanga malinga, amene Apwitikizi anali kulemba kuti aringa. Anali kuzika mitengo yaiwisi mothithikana, ina nkuphuka ndi kumera mizu, linga nkukhala lamoyo. Kumpoto kwa Tete, m'dziko la Undi, kunali banja la Caetano Pereira ku Makanga. Ku Zumbo kunali Kanyemba ndi Matakenya. Anthu amenewa anali ndi maina awiri, lacipwitikizi ndi lakwathu, ndipo magazi ao anali osakanizika.

Linga lochuka koposa linali la Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, kumunsi kwa Tete. Mwini wace anali António Vicente da Cruz, amene anthu anali kumucha Bonga. Bwato liri lonse loyenda pakati pa Sena ndi Tete linali kudutsa pamaso pa mfuti zace. Pakati pa 1867 ndi 1869 Apwitikizi anatumiza magulu ankhondo anai kukagwetsa lingalo. Onse anagonja. Pa ulendo woyamba bwanamkubwa wa Tete yemwe, Miguel de Gouveia, anaphedwa. Gulu lomaliza linali ndi asilikari ocokera ku Portugal kwenikweniko, koma naonso anathawa, nasiya zida zao m'njira.

Conco bambo anga a m'kalasi aja, imvani: mu 1869, pano pa Zambezi, mfuti za mwana wa dziko lino zinaposa mfuti za boma la Lisboa. Komanso tisamuyese woyera mtima Bonga. Mfuti zace zinali kudyetsedwa ndi misonkho ya anthu wamba ndi malonda a akapolo omwe aja.

Kumwera kwa dziko kunatseguka njira ina yogulira mfuti, yolipira ndi thukuta. Ku South Africa kunapezeka miyala ya dayamondi mu 1867, ndipo pofika m'ma 1870 migodi ya Kimberley inali kufuna anchito zikwizikwi. Amuna ocokera ku maiko ambiri, ena a iwo a kumwera kwa Moçambique, anali kuyenda pansi masabata ambiri kukakumba. Ambiri colinga cao cinali cimodzi. Munthu anali kugwira nchito miyezi itatu kapena kuposerapo, nagula mfuti, nabwerera kwao. Pakati pa April 1873 ndi June 1874 ku Kimberley kunagulitsidwa mfuti pafupifupi 75,000. Ku gombe la kum'mawa kwa Afrika nakonso zinali kusefukira. Mu 1888 kazembe wa Britain ku Zanzibar anawerengera kuti mfuti zapakati pa 80,000 ndi 100,000 zinali kulowa caka ciri conse.

Nanga zinaculuka bwanji cotere? Cifukwa ku Ulaya zinali zitasanduka zinyalala. Asilikari a kumeneko anali atapeza mfuti zatsopano, ndipo magogodera onse anawataira kwa ife.

Mfuti yatsopanoyo sinali yothira kukamwa. Wonga, cipolopolo ndi kacisoti zinali pamodzi m'kabotolo kamodzi ka mkuwa, kolowetsa kumbuyo kwa mpope. Angerezi anali ndi Snider mu 1866 ndi Martini-Henry mu 1871. Mfuti yotere inali kuomba kakhumi pa mphindi, ndi kulasa munthu ali kutsidya kwa dambo. Msilikari anali kutha kuiomba atagona pansi, pamene wa gogodera anali kuimirira kuti atsindire. Mu 1886 asilikari a Portugal analandira mfuti yochedwa Kropatschek, yosunga zipolopolo 8 m'mimba mwace. Ndipo mu 1884 Hiram Maxim anapanga mfuti ya ciwaya, yolavula zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi imodzi.

Mafumu anaona zimenezi, ndipo anafuna mfuti zatsopanozo. Mtengo unakweranso. Mu October 1888 Lobengula, mfumu ya Amandebele ku dziko limene lero ndi Zimbabwe, anaika cidindo pa pepala la anthu a Cecil Rhodes. Analonjezedwa mfuti za Martini-Henry 1,000, zipolopolo 100,000, mapaundi 100 mwezi uli wonse, ndi sitima yankhondo pa Zambezi. Pepalalo linapereka kwa Azunguwo miyala yonse ya mtengo wapatali ya m'dziko lace. Kumbukirani Gatsi Rusere. Panali patapita zaka 281, koma malonda anali omwewo.

Kampani ya Rhodes inacitanso cimodzimodzi ndi Ngungunhana, mfumu ya Gaza kumwera kwa dziko lathu. Mu 1891 inamtumizira mfuti 1,000 ndi zipolopolo 20,000. Tengani makala mulembe pansi. Gawani 20,000 kwa anthu 1,000. Munthu ali yense alandira zipolopolo 20 zokha. Akafuna kuphunzira kuomba, zatha nkhondo isanayambe. Tsono gawaninso 20,000 ndi 600. Mfuti imodzi ya Maxim ikadamaliza mphatso yonseyo pa mphindi 33 ndi pang'ono.

Ndipo apa pali cinthu cimene ambiri saciganizira. Gogodera sasankha cakudya. Mtobvu ukasowa, umadula waya, misomali, zidutswa za mphika wacitsulo, ngakhale timiyala. Akathyoka, wosula wa m'mudzi amamkonza. Koma mfuti yatsopano imadya cakudya cace cokha, copangidwa ku fakitale ya ku Ulaya. Mfumu yogula mfuti yabwino inali kumangidwa kolimba kuposa kale.

Kutseka citseko

Maiko a ku Ulaya atagwirizana za kagawidwe ka Afrika ku Berlin mu 1884 ndi 1885, anakumananso ku Bruxelles, ndipo pa 2 July 1890 anasaina pangano. Ananena kuti colinga cao ndi kuthetsa malonda a akapolo, ndipo malondawo anayeneradi kutha. Koma taonani zimene analamula za mfuti. M'cigawo cacikulu ca Afrika, kuyambira ku cipululu ca Sahara kutsika mpaka mzere wodutsa pafupi ndi Vilankulo, analetsa kugulitsa mfuti zatsopano ndi zipolopolo zace kwa eni dziko. Tete, Niassa ndi Zambézia zinali m'kati mwa cigawo cimeneci. Mfuti zonse zolowa zinayenera kusungidwa m'nkhokwe za boma la atsamunda. Zololedwa kugulitsa zinali magogodera a mwala okha ndi wonga wamba, ndiponso m'madera okhao amene bomalo lalola.

Zaka mazana atatu anatigulitsa mfuti pamene zinali kuwabweretsera minyanga ndi anthu. Atafuna nthaka yeniyeniyo, anatseka citseko. Ozembetsa sanasiye nchito yao, koma katundu wozembetsa ndi wodula ndi wosadalirika.

Zotsatira zace zinabwera msanga. Massangano anali atagwa kale mu 1888. Mu 1893 mfuti za Maxim zinasesa ankhondo a Lobengula. Mu 1895 ankhondo a kumwera anagonja ku Marracuene, ku Magul ndi ku Coolela. Pa Coolela, pa 7 November, Apwitikizi anaima m'bwalo la ngondya zinai ndi mfuti zao zatsopano ndi mizinga. Nkhondo sinathe ola limodzi. Kumbali yao kunafa asilikari asanu, kumbali ya Gaza mazanamazana. Ngungunhana anagwidwa ku Chaimite pa 28 December, natengedwa kupita ku zisumbu za Açores, kumene anamwalira mu 1906. Makanga anagonja mu 1902. Mwembe wa Mataka analandidwa mu 1912.

Anthu a ku Barue, kumwera kwa Tete, anayesa kudula cingwe ca wamalonda. Pansi pa mafumu ao ochedwa Makombe anagula mfuti kuli konse kumene akanazipeza, ndipo amisiri ao anaphunzira kupanga wonga, kuumba zipolopolo ndi kukonza mfuti zoonongeka. Mu 1892 anapha Manuel António de Sousa, mwini malinga ambiri amene anali atawalanda dziko. Anakhala pa ufulu zaka khumi. Mwa onse amene ndawachula m'nkhani ino, amisiri a ku Barue ndi amene ine ndimawalemekeza koposa, cifukwa anaona pamene panali muzu wa bvuto. Koma ng'anjo ya m'mudzi singapikisane ndi fakitale. Mu 1902 João de Azevedo Coutinho analowa m'Barue ndi mizinga ndi mfuti za ciwaya, nagwetsa malinga ao limodzi ndi limodzi.

Tinenenso ici, ngakhale cikuwawa: ankhondo ambiri a Coutinho sanali Azungu. Anali Aafrika, masipayo ndi ankhondo a m'maprazo. Azungu anali ocepa m'nkhondo zonsezi. Mfuti yabwino anali kuigwira okha kapena kuipereka kwa amene amkhulupirira, ndipo ena onse anali kulipidwa ndi zofunkha.

Mu March 1917 Barue anadzukanso, cifukwa ca cibalo comanga mseu ndi kugwidwa kwa amuna kupita ku nkhondo ya Apwitikizi ndi Ajeremani. Moto unafalikira kwa Asena, Atonga, Atawara, mpaka ku Zumbo. Oukirawo anali ndi magogodera akale, mauta, nthungo, ndi mfuti zocepa zolanda kwa adani. Boma linalemba ankhondo zikwi zambiri a Angoni a ku Angónia kuti akazimitse motowo, ndipo pofika mu 1918 unali utazima m'madera ambiri. M'kalasi ngati lathuli mungapezeke adzukulu a mbali zonse ziwiri.

Kuyambira pamenepo, Mwafrika wofuna kusunga ngakhale gogodera wopirikitsira nguluwe kumunda anayenera kupempha cilolezo kwa mkulu wa boma. Ambiri anakwirira mfuti zao pansi kapena kuzibisa m'denga.

Patapita sabata imodzi citacitika ceza cathu cija, bambo wacikulire uja anabwera ku kalasi ndi kanthu kokulunga m'thumba. Kanali kacitsulo ka m'mbali mwa gogodera, kadzimbiri, kamene kanasungidwa pa banja lao kuyambira kwa agogo a atate ao. Mtengo wace unadyedwa ndi ciswe kalekale, ndipo mpope anasulira zinthu zina. Tinakapukuta ndi phulusa ndi mandimu mpaka zilembo zinayamba kuoneka. Sindinawawerengere. Anayandikiza kumaso, naika cala pa cilembo ciri conse, nachula okha pang'onopang'ono: T, O, W, E, R.

Mai wina anawafunsa kuti agogo aowo anaigula ndi ciani mfutiyo. Bamboyo anakhala cete kanthawi, akutembenuza kacitsuloko m'manja. Kenaka anati kwao anali kusimba za njobvu zimene mfutiyo inapha, koma za mtengo wace panalibe amene ananenapo.